Msambo ukatha msanga: pa njira zonsezi, ndi iti imathandizadi ubongo wa mayi?

Achemwali anga amagulitsa mpunga wa kilombero ndi nyemba mumsika waukulu wa Mzuzu, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo asungichuma a banki m'khonde ya amayi a ku Chibavi. Kale ankakuuzani pamtima kuti mayi uje anakongola zingati mwezi wa March, wabweza zingati, chiwongoladzanja chatsala chingati, kope lisanatsegulidwe n'komwe. Ali ndi zaka 39 anachitidwa opaleshoni chifukwa cha zotupa za m'chiberekero zomwe zinkawatayitsa magazi mpaka kuyera m'manja. Bala linapola bwinobwino, tonse n'kuti nkhani yatha.

Patapita miyezi itatu, m'mawa wina mu June, kutazizira mmene Mzuzu amachitira muja, nkhungu itakuta mpaka nyumba ya aneba osaoneka, ndinawapeza kukhitchini atavula juzi ndi duku lomwe, thukuta lili kamukamu, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Ine ndili m'jekete. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe, mchere uja ndathira?" Titalawa tinapeza kuti anathira kawiri.

Za mchere tinaseka. Zosasekesa zinachitika ku banki m'khonde Loweruka lotsatira. Anafuna kuitana mayi amene akhala naye mpingo umodzi zaka 10, dzina n'kukana kubwera, iwo n'kungoti "amayi awo a chitenje chobiriwira". Kenako anawonkhetsa ndalama katatu, katatu konse yankho losiyana. Mukudziwa mmene timakhalira. Pofika Lolemba ena ankati msungichuma wayamba kudya ndalama, ena ankati alipo wawaponyera.

Yankho linali m'kabuku kawo ka kuchipatala, m'zilembo zimene palibe anaziganizirapo: TAH + BSO. Mnzanga wina namwino ndiye anatimasulira. TAH ndiye kuti chiberekero chachotsedwa. BSO ndiye kuti machubu ndi matumba a mazira onse awiri apitanso. Achemwali ankadziwa za chiberekero chokha. Mwina anauzidwa ali m'mantha a opaleshoni n'kusamva bwino, sindiloza munthu chala. Koma zilembo zitatu zomalizazo n'zolemera, chifukwa matumba a mazira ndiwo amapanga estrogen wambiri m'thupi la mayi. Anagona patebulo ali ndi mahomoni a mayi wa zaka 39, n'kudzuka thupi lili ngati la mayi amene anasiya kusamba kalekale.

Estrogen amafunanji m'mutu?

Ambirife timangodziwa kuti estrogen ndi homoni ya msambo ndi kubereka. Komatu ubongo nawo uli ndi malo olandirira homoniyi, makamaka kachigawo kotchedwa hippocampus, kamene kamasunga zatsopano zimene taona ndi kumva, komanso mbali ya kuseri kwa chipumi, imene imatithandiza kugwira zinthu zingapo nthawi imodzi: kuwerenga chenji, uku ukuyankha kasitomala wina, diso lili pa thumba la nyemba. Estrogen amathandiza maselo a ubongo kuwotcha shuga, yemwe ndi nkhuni zawo, ndiponso kulumikizana bwino. Akatsika, kachigawo koyang'anira kutentha kwa thupi kamasokonekera, n'chifukwa chake thukuta mu June. Thukutalo limadzutsa munthu kanayi kasanu usiku umodzi, pomwe ubongo umasanja zimene waphunzira masana mwini wake ali m'tulo. Tulo tikadukaduka, mawa lake dzina la mnzako limakana.

Amayi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Msambo ukatha mayi asanakwane 45, madokotala amati watha msanga. Ukatha asanakwane 40, amati matumba a mazira afooka nthawi isanakwane, ndipo izi zimagwera mayi mmodzi kapena kuposerapo pa amayi 100 alionse. Zimabwera chifukwa cha opaleshoni ngati ya achemwali, mankhwala a khansa, kuwotcha khansa ndi makina cha m'chiuno, matenda oti chitetezo cha thupi chatembenukira thupi lomwe, kapena zakumtundu. Kwa ambiri chifukwa chake sichipezeka. Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo ayi, poti Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo imagwira amayi akadali m'zaka za kubereka.

Pali kuiwala kuwiri kumene anthu amakusakaniza. Koyamba ndi chifunga cha m'mutu cha nthawi imene mahomoni akutsika. Kafukufuku wa ku America wotchedwa SWAN, amene anayamba kutsatira amayi oposa 3,000 mu 1996, anapeza kuti pa nyengo yosinthayi amayi amachedwa kugwira zatsopano, koma kwa ambiri mutu umabwerera m'malo msambo ukatheratu. Kwachiwiri ndi chiopsezo cha kutsogolo, cha matenda a ubongo oiwalitsa aja a ukalamba. Mu 2007, Walter Rocca ndi anzake a ku Mayo Clinic anafalitsa zimene anapeza atatsatira amayi a ku Minnesota kwa zaka zambiri: amene anachotsedwa matumba a mazira msambo usanathe wokha ankapezeka kwambiri ndi vuto la ubongo atakalamba, ndipo amene anachotsedwa ali aang'ono ndiwo anali pachiopsezo chachikulu. Koma amene anapatsidwa estrogen mpaka kukwana zaka 50, chiopsezo chowonjezeracho sichinaoneke. Kafukufuku wongotsatira anthu chotere amaonetsa zinthu zoyendera limodzi, sapereka chitsimikizo chonse, ndipo amayi ambiri ochotsedwa matumba a mazira amakalamba mutu uli bwinobwino. Komabe anasintha maganizo a madokotala ambiri.

Ndiye funso loyamba si lakuti mankhwala abwino ndi ati. Ndi lakuti msambo wathera pa zaka zingati, ndipo wathera chiyani. Jakisoni wa Depo amaimitsa msambo, kuyamwitsa kumaimitsa, mimba imene simunaiyembekezere pa zaka 42 imaimitsanso. Chiberekero chikachotsedwa chokha, matumba a mazira n'kusiyidwa, msambo umatha koma mahomoni amapitirira. Kuiwala nakonso kuli ndi eni ake ena: kuchepa magazi, shuga, BP, chithokomiro chofooka, kukhumudwa kwa nthawi yaitali, HIV yosalandira mankhwala. Zonsezi zimayezeka. Kwa mayi wosakwana zaka 45, makamaka wosakwana 40, amene watha miyezi 4 osasamba, dokotala amathanso kuyeza homoni yotchedwa FSH, imene imakwera matumba a mazira akafooka. Mzuzu Central Hospital ndiye chipatala chachikulu chotumizirako odwala m'chigawo chonse cha kumpoto, choncho mukayambira ku chipatala chaching'ono, pemphani kalata yokuonetsani kwa oona za matenda a amayi. Zikatsimikizika kuti msambo wathadi msanga, njira zimene zilipo ndi izi.

Kungopirira

Iyi ndiye njira imene timalangizana kwambiri. "Ndi ukulu umenewo, aliyense amadutsamo." Kwa mayi wa zaka 50 amene msambo watha wokha, kutentha thupi kuli kwa apo ndi apo, tulo akupeza, palibe cholakwika ndi kupirira. Thupi lafika pomwe limayenera kufika, ndipo chifunga chija chimayera.

Kwa mayi wa zaka 36 kapena 41 ndi nkhani ina. Iye akhala zaka 10 kapena 15 wopanda homoni imene anzake a msinkhu wake akadali nayo. Si ubongo wokha umene umamva. Mafupa amapepuka n'kuyamba kuthyoka ndi kugwa pang'ono, mitsempha ya mtima imakalamba msanga. Ubwino wa kupirira ndi woti sikulira ndalama lero. Ngongole yake imabwera mochedwa, ndipo chiwongoladzanja chake n'choposa cha banki m'khonde.

Kubwezeretsa mahomoni

Apa ndi pomwe pali mkangano, ndiye tikhalitsepo. Mankhwalawa madokotala amawatchula kuti HRT. Ndi estrogen wa mlingo wofanana ndi umene thupi likanapanga lokha, ndipo amabwera ngati mapiritsi, ngati kachigamba komata pakhungu, kapena ngati mafuta opaka. Mayi amene alibe chiberekero, ngati achemwali, amalandira estrogen yekha. Amene chiberekero chilipo amayenera kulandiranso homoni yachiwiri ya mtundu wa progesterone, apo ayi mkati mwa chiberekero mumakhuthala mpaka kuyambitsa khansa. Homoni yachiwiriyi imatha kukhala piritsi kapena lupu ya mahomoni. Ichi si chosankha ayi, ndipo ndicho chifukwa chake kumwa mapiritsi otsala a mnzanu n'koopsa.

Mukafunsa achipatala ena, makamaka amene anaphunzira zaka 20 zapitazo, mudzaona nkhope ikusintha. Mantha awo ali ndi pochokera. Mu 2002 mbali ina ya kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative inaimitsidwa nthawi isanakwane ataona kuti amayi omwa estrogen pamodzi ndi progestin, homoni yachiwiri ija, ankapezeka kwambiri ndi khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi. Chaka chotsatira, mbali yake yoona za ubongo inanena kuti mankhwalawa anachulukitsa kawiri chiopsezo cha matenda oiwalitsa. Nkhaniyi inafala ngati moto wa m'tchire, ndipo amayi padziko lonse anataya mapiritsi. Chimene chinatsalira m'mbuyo n'chakuti amayi a mbali ya ubongoyo onse anali a zaka 65 kupita m'tsogolo, oyamba mahomoni patapita zaka zambiri msambo utatha. Kupatsa gogo wa zaka 70 homoni imene thupi lake linatsanzikana nayo kale, ndi kubwezera mayi wa zaka 39 homoni imene mpeni wamulanda dzulo, ndi zinthu ziwiri zosiyana.

N'chifukwa chake malangizo a akatswiri, monga a bungwe la NICE ku Britain ndi la ESHRE ku Ulaya, amati mayi amene matumba a mazira afooka asanakwane zaka 40 apatsidwe mahomoni mpaka cha m'ma 50 kapena 51, pokhapokha pali chifukwa chomuletsa, ndipo madokotala ambiri amatsata zomwezo kwa amene msambo wathera pakati pa 40 ndi 45. Pa msinkhu umenewu mankhwalawa sanapezeke kuti amakweza chiopsezo cha khansa ya m'mawere kuposa cha mayi mnzake amene akusambabe.

Koma tisakokomeze. HRT si mankhwala a nzeru. Kafukufuku awiri, KEEPS ndi ELITE, anapatsa mahomoni amayi amene msambo unatha pa nthawi yake, n'kumawayesa kukumbukira kwa zaka zingapo: sanapose anzawo amene sankalandira, sanachepekerenso. Choncho mayi wa zaka 52 amene akufuna HRT kuti asadzadwale matenda oiwalitsa akugula chinthu chimene sichigulitsidwa. Ngati thukuta la usiku likumusowetsa mtendere, chimenecho ndi chifukwa chomveka chomwera, ndipo pa kutentha thupi palibe mankhwala oposa awa. Kuganiza kwanga, zambiri zimene amayi amati "mutu wayera" atayamba HRT zimachokera ku tulo tomwe tabwerera. Achemwali anayamba kugona usiku wonse patatha masabata ochepa, ndipo masamu anabwerera pambuyo pake.

Walira mvula walira matope. Ena mawere amawawa miyezi yoyamba, ena nseru, ena amene ali ndi chiberekero amaona timagazi. Mapiritsi akumwa amakweza pang'ono chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, pomwe za pakhungu sizidutsa kaye m'chiwindi, ndiye chiopsezochi chimachepa. Mayi wonenepa kwambiri kapena wodwala mutu waching'alang'ala amayenera za pakhunguzo. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, amene ali ndi matenda a chiwindi, kapena akutaya magazi osadziwika chifukwa chake, njirayi si yawo, ndipo amene magazi anawaundanapo asayambe popanda katswiri. Amene analandira chithandizo cha khansa ya khomo la chiberekero asadziletse okha, chifukwa mtundu wofala wa khansayi sudya estrogen, ndipo ambiri amaloledwa.

Vuto lenileni kuno ndi kapezekedwe. Si mankhwala amene mungayembekezere kuwalandira pa windo la chipatala chaching'ono. Achemwali amagula ku famase m'tauni ndi chikalata cha dokotala, ndipo ilipo miyezi imene tinachita kutuma m'bale wa ku Lilongwe. Mwezi uliwonse ndi ndalama, kwa zaka zoposa 10. Munthu aziwerengere zimenezi asanayambe, poti kumwa mwezi uno n'kudumpha miyezi iwiri kumangobweza thukuta lija.

Mapiritsi olera

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mapiritsi olera a mahomoni awiri, monga Microgynon, ali ndi estrogen, amapezeka ku sikelo ya kulera pafupifupi kulikonse, ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Malangizo omwe aja amavomereza kuti mayi wachichepere amene matumba a mazira afooka atha kugwiritsa ntchito mapiritsiwa m'malo mwa HRT. Alinso ndi ubwino wina: matumba a mazira amene afooka okha nthawi zina amadzuka mwadzidzidzi, ndipo amayi 5 mpaka 10 pa 100 alionse otere amatenga mimba. HRT siletsa mimba, mapiritsi olera amaletsa. Palinso ubwino umene sulembedwa m'mabuku: mayi wa zaka 33 amene sakufuna kuti apongozi adziwe kuti msambo unatha, akaonedwa ndi mapiritsi olera palibe amafunsa.

Kuipa kwake n'kwakuti estrogen wa m'mapiritsi olera ndi wa mtundu wina, wamphamvu pa chiwindi, choncho amakweza BP ndi kuundana kwa magazi kuposa HRT. Mayi wa BP yokwera, wosuta fodya atapitirira zaka 35, kapena amene mutu waching'alang'ala umayamba ndi kuona zothwanima, asamwe. Komanso paketi ili ndi mapiritsi 21 a mahomoni ndi 7 opanda mahomoni, ndiye sabata imodzi pa mwezi thupi limakhalanso pa njala ya estrogen, thukuta n'kubwerera. Dokotala amatha kukuuzani kudumpha 7 amenewo. Pa mafupa, HRT imaoneka kuti imaposako. Ndikanafunsidwa ine, ndikanati wa zaka 30 wopanda BP, mapiritsi olera ndi njira yabwino ndithu. Wa zaka 44 wonenepa, BP ikusewera m'malire, ayesetse HRT ya pakhungu.

Musasokoneze ndi njira zina zolera. Depo, Jadelle, Implanon ndi Microlut mulibe estrogen, ndiye sizibwezeretsa chimene chasowa. Ndipo uzani dokotala mankhwala onse amene mukumwa. Rifampicin wa TB amafooketsa mahomoni akumwa. Efavirenz wa m'ma ARV amateronso, pomwe dolutegravir, amene ambiri omwa ma ARV m'Malawi anasinthidwira kuyambira 2019, salimbana nawo.

Kwa amene mahomoni saloledwa

Mnzawo wina wa achemwali, wogulitsa kaunjika, msambo unatha ali ndi zaka 43 atalandira mankhwala a khansa ya m'mawere. Iye estrogen sangayandikire. Sikuti ndiye kwatha. Alipo mankhwala opanda mahomoni amene amachepetsa kutentha thupi, ngakhale safika pa estrogen: venlafaxine, gabapentin, ndi ena a gulu la fluoxetine. Sateteza mafupa, ndipo palibe umboni woti amateteza ubongo kutsogolo. Ntchito yawo ndi kubweza tulo ndi mtima m'malo, zomwe pa kukumbukira kwa tsiku ndi tsiku si zazing'ono. Amene akumwa tamoxifen wa khansa ya m'mawere apewe fluoxetine ndi paroxetine, chifukwa amafooketsa tamoxifen-yo.

Uphungu wa maganizo nawo umathandiza kuposa mmene timauganizira, makamaka pa kusowa tulo ndi nkhawa. Mayi amene msambo watha asanabereke ana amene ankafuna amalira maliro opanda mtembo, ndipo munthu wokhumudwa amaiwala chifukwa zinthu sizilowa n'komwe m'mutu. Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi woti a St John of God ali konkuno ndi ntchito yawo ya thanzi la maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza misala, ngakhale pakamwa pa anthu sipatsekeka.

Chimene ndingachenjeze ndi njira yachidule imene ambiri timatsata: kameza piriton kuti ugone, kapena kupempha amitriptyline ndi diazepam kwa mnzako. Amagonetsadi, koma ndi mankhwala amene amaphimba kukumbukira, makamaka akamwedwa usiku uliwonse. Munthu amadzuka mutu uli zii, n'kumati matenda akukula, pomwe ndi piritsi la dzulo.

Soya, zitsamba ndi mabotolo a pa WhatsApp

Soya ali ndi tinthu tofananako ndi estrogen koma tofooka kwambiri. Ena timawachepetsera kutentha thupi pang'ono. Pa ubongo, kafukufuku amene anadyetsa amayi soya tsiku lililonse kwa zaka ziwiri ndi theka, wofalitsidwa mu 2012, sanapeze kusintha pa kaganizidwe konse. Ginkgo, amene amalembedwa pa mabotolo ambiri a "mankhwala a ubongo", anayesedwa pa okalamba oposa 3,000 ku America ndipo sanaletse matenda oiwalitsa. Idyani phala la soya ndi nyama ya soya chifukwa ndi chakudya chabwino, idyani usipa wa ku Nkhata Bay ndi minga yake yomwe chifukwa mafupa akufuna calcium. Koma botolo la mtengo wa thumba la chimanga, lolonjeza "kuyeretsa chiberekero ndi kubweza msambo", silingadzutse thumba la mazira limene linachotsedwa.

Njira imene siimveka ngati mankhwala

Iyi imayenda ndi iliyonse mwa zinazo, ndipo pa ubongo wa kutsogolo ndi imene ili ndi umboni wochuluka. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya Lancet linatchula zinthu 14 zosinthika zimene zimakhudzana ndi pafupifupi 45 pa 100 ya matenda oiwalitsa padziko. Zambiri mwa izo n'zodziwika: BP, shuga, mafuta oipa m'magazi, kunenepa, fodya, mowa, kukhala osayenda, kusamva, kusaona, kuvulala m'mutu, utsi, kukhumudwa, kudzipatula.

BP ndiyo ndingaike patsogolo. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse m'Malawi mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Estrogen akachoka, BP ya mayi imakonda kukwera, ndipo imawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete kwa zaka. Kuyezetsa n'kwa mphindi ziwiri. Mchere wa tsiku lonse usapose kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo umene uli kale m'usipa wouma ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo. Kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata kumakwana. Amene amakwera kabaza kuchoka ku Katoto kupita mumsika atha kumatsikira panjira masiku ena, zitunda za mzinda uno zichite ntchito yake. Ndipo mbaula m'chipinda chotseka mawindo usiku wa July, tonse timadziwa kukoma kwake, koma mpweya wa makala umapweteka ubongo ndipo umapha.

Pa mndandanda uja pali kuvulala m'mutu. Mayi amene amamenyedwa m'mutu kunyumba ali m'gulu limenelo, ngakhale sitikonda kuzitchula.

Opaleshoni isanachitike

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ili ndi amene sanalowebe m'fiyeta. Safunsa anadya phula. Ngati mwauzidwa kuti chiberekero chichotsedwe chifukwa cha zotupa wamba ndipo simunasiye kusamba, funsani kuti, "Adokotala, nanga matumba a mazira musiya?" Zotupa zimenezi zimamera m'chiberekero, osati m'matumba a mazira, ndipo masiku ano madokotala ambiri amachotsa chiberekero ndi machubu n'kusiya matumbawo ngati ali abwino. Zilipo nthawi zimene kuchotsa n'koyenera: khansa, chotupa chokayikitsa pa thumba lenilenilo, mafinya amene awononga zonse, kapena banja limene khansa ya m'mawere ndi ya matumba a mazira imayenda m'magazi. Nthawi zina dokotala amaona vutolo atatsegula kale. Zikatero funso lachiwiri likhale lokonzeka: "Mukachotsa, mundipatsa chiyani m'malo mwake, ndipo mpaka liti?" Pitani ndi m'bale woti akamve nawo, poti munthu wamantha amamva theka.

Kuiwala kumene sikuyenera kudikira

Chifunga cha mahomoni chimaiwalitsa dzina, kenako dzinalo limabwera lokha uli m'bafa. Mwini wake ndiye amadandaula kwambiri kuposa apabanja. Zikatembenuka, apabanja n'kumaona zimene mwini wake sakuona, ndi nkhani ina: kusochera panjira ya ku tchalitchi imene wayenda zaka 20, kufunsa funso lomwelo kasanu pa ola, kulephera kuzindikira ndalama, kuiwala kuti kunali ukwati dzulo, kusintha khalidwe. Zotere pa mayi wa zaka za m'ma 40 si zofala, ndipo zimafuna dokotala msanga chifukwa zina mwa zoyambitsa zake zimachizika. Kusokonezeka kwadzidzidzi, pakamwa kupotoka, dzanja kulefuka, chimenecho n'chothamangira kuchipatala ola lomwelo. Ndipo gogo amene wapezeka m'bandakucha ali pabwalo la eni, osadziwa kwawo, ndi wodwala ubongo amene wasochera. Sanagwe pa lichero. Ambiri amenyedwapo m'dziko muno chifukwa cha kusadziwa kumeneku.

Achemwali tsopano ali ndi zaka 43. Amamwa estrogen yekha, BP amayezetsa mwezi uliwonse, ndipo dokotala anawauza kuti akadzafika 50 adzakhalenso pansi n'kuona ngati apitirize kapena ayambe kuchepetsa. Usungichuma sanausiye, koma masiku ano salola kuwonkhetsa pamtima. Amalemba zonse, ndipo mayi wina amawerenganso pambuyo pawo, zomwe gulu linkayenera kuchita kuyambira kale. Mu December pogawana ndalama, kope ndi bokosi zinagwirizana mpaka kakobiri komaliza. Mayi wa chitenje chobiriwira uja ndi amene anayambitsa nthungululu.

Kukhitchini anapeza nzeru yawoyawo. Akathira mchere amagadabuza supuni pa chivundikiro. Tsiku lina ndinaitenga supuniyo kuti ndikandire tiyi, ndipo anandikuwira kuchokera panja: "Iwe, bweza supuni yangayo mmene unaipezera!"